Miyala yonyezimira ya m'mapiri athu: kuidziwa, kuisunga ndi kudziteteza ku fumbi lake

Amayi anzanga, mwala ndi chinthu chimene timakhala nacho tsiku ndi tsiku osachiganizira. Mafuwa ndi miyala, mphero ndi mwala, ndipo kumtsinje timachapira pathanthwe. Koma zaka zino nkhani ya miyala yalowa m'makomo mwathu mwa njira ina. Anyamata akutsika kuphiri ndi timiyala tonyezimira m'matumba. Mavenda akuzungulira m'midzi kufunsa za golide ndi miyala yamitundu. Amayi ambiri akupeza ya sopo ndi fizi ya ana poswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu. Pa foni ponso pakuyenda mauthenga akuti mwala wakutiwakuti umachiritsa matenda.

Mwala uliwonse uli ndi chibadwa chake: kulimba kwake, maonekedwe ake, kulemera kwake ndi zinthu zimene unapangidwa nazo. Chibadwacho ndicho chimaika mtengo pa mwala, ndipo ndi chomwechonso chimene chimatiuza zimene mwalawo ungachite ukalowa m'thupi. Mayi woudziwa mwala sanamizidwa pamalonda, komanso amadziwa poteteza mapapo ake ndi a ana ake.

Kristalo n'chiyani?

Tengani mchere wa mibulu muuyang'anitsitse. Muona kuti timibulu tambiri tili ndi mbali zosalala ndi ngodya ngati tibokosi. Palibe amene anatisema. Madzi amchere akamauma pang'onopang'ono, mcherewo umadziyala wokha mwa dongosolo limodzi, mzere pamwamba pa mzere, ngati njerwa za mmisiri waluso. Chinthu chokula mwa dongosolo lotere chimatchedwa kristalo.

Pansi pa nthaka zimachitikanso chimodzimodzi. Kuya kwambiri kuli chiphalaphala chamoto, chomwe ndi miyala yosungunuka. Chikazizira mofulumira, makristalo ake amakhala aang'ono, osaoneka ndi maso. Chikazizira pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri, makamaka pamene pali mphako kapena mng'alu wokhala ndi madzi otentha, makristalo amapeza mpata wokula mpaka kufanana ndi chala kapena dzanja. N'chifukwa chake okumba amasakasaka mphako m'matanthwe.

Mtundu uliwonse umakula m'maonekedwe akeake. Quartz, mwala woyera uja timautcha nsangalabwi ukakhala kumtsinje, ukakula mosapanikizika umakhala ndi mbali 6 ndi nsonga ngati pensulo. Garnet amakhala wobulungira, wa nkhope zambiri. Mica amasendeka timapepala topyapyala tonyezimira. Koma mtundu woti wofiira kapena wobiriwira nthawi zambiri umachokera ku tinthu tochepa kwambiri tolowerera m'kati. Quartz yemweyo akalowa chitsulo pang'ono amakhala wofiirira ngati duwa la jakaranda n'kumatchedwa amethyst. Wina amakhala wotuwa ngati utsi. Choncho mtundu pawokha suuza munthu dzina la mwala.

Mapiri a kwathu kuno

Mapiri a Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala m'boma la Machinga, phiri la Malosa ndi la Zomba, phiri la Kangankunde m'boma la Balaka, ndi chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa ndi a banja limodzi. Onse anachokera ku chiphalaphala chimene chinakwera kuchokera pansi zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. M'chaka cha 1937 katswiri wa miyala Frank Dixey ndi anzake awiri analemba za miyala ya m'dera la Chilwa, ndipo kuchokera pamenepo dera lathu lino ladziwika kwa ophunzira za miyala padziko lonse. Pa Chisi ndi pamene panayamba kuzindikiridwa, mu Africa muno, mtundu wa thanthwe losowa lotchedwa carbonatite.

Phiri la Kangankunde nalonso ndi la carbonatite. M'kati mwake muli timakristalo tobiriwira totchedwa monazite. Sitokongola kwenikweni, koma muli zitsulo zosowa, monga neodymium, zimene amapangira maginito amphamvu a galimoto zoyendera magetsi ndi makina opanga magetsi ndi mphepo. N'chifukwa chake m'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inachita pangano logula ntchito ya mgodi wa pamenepo. Ku Balaka komweko, m'mapiri a Chenkumbi, kuli miyala ya laimu imene anthu amaotcha kuti apeze njereza.

Phiri la Malosa, lomwe timaliona tikamachoka ku Machinga kupita ku Zomba, ndilo lotchuka kwa anthu osonkhanitsa makristalo. Kumeneko kumachokera aegirine, mwala wakuda bii, wautali ngati mzati, wonyezimira ngati waupaka mafuta. Nthawi zambiri umamera pamodzi ndi quartz wautsi ndi feldspar woyera. Miyala ya ku Malosa imapezeka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'ziwonetsero za miyala ku Ulaya ndi ku America, ndipo ina ndi ija anyamata amagulitsa kwa alendo pamwamba pa phiri la Zomba. Kwa anansi athu ku Ntcheu, paphiri la Chimwadzulu, kumapezeka ruby ndi sapphire, pamene Mzimba imadziwika ndi aquamarine wa mtundu wa thambo.

Kuyesa mwala pakhomo

M'chaka cha 1812 katswiri wa ku Germany Friedrich Mohs anaika miyala pa makwerero a kulimba, kuyambira 1 mpaka 10. Lamulo lake ndi lapafupi: wolimba amakanda wofewa. Talc, amene amapangira paudala, ali pa 1. Calcite, amene ali m'miyala ya laimu, ali pa 3. Feldspar ali pa 6, quartz pa 7, ruby ndi sapphire pa 9, dayamondi pa 10. Chikhadabo chanu chili pakati pa 2 ndi 3, ndipo mpeni ndi galasi la botolo zili pakati pa 5 ndi 6.

Ndi zimenezi mukhoza kudziwa zambiri osachoka pakhomo. Mwala woyera umene mpeni ukuukanda mosavuta si quartz. Mwina ndi calcite. Kuti mutsimikize, palani kaufa kake pang'ono mudonthezepo viniga kapena madzi a ndimu. Calcite amatulutsa tithovu, quartz sachita kanthu. Quartz weniweni amasiya mzere pa botolo, ndipo nsangalabwi ziwiri mukazikhulanitsa mumdima zimathwanima, monga ana amadziwira.

Pa golide ndi pamene anthu ambiri amagwa m'mbuna. Pali mwala wachikasu wonyezimira wotchedwa pyrite. Golide weniweni ndi wofewa: mukamumenya ndi hamala amaphwatalala osasweka, ndipo msomali umamukanda. Pyrite ndi wolimba, ukamumenya amanyenyeka. Mukakhula pyrite kuseri kwa thailosi yosweka kapena pansi pa kapu yadothi posasalala, amasiya mzere wakuda. Golide amasiya wachikasu. Golide amalemera kuposa madzi pafupifupi ka 19, pyrite ka 5 kokha. Timapepala ta mica tonyezimira mumchenga wa kumtsinje timayandama mukavundula madzi, pamene golide amakhazikika pansi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso ena amene amasema galasi la mabotolo amitundu n'kumagulitsa ngati miyala yamtengo wapatali. Galasi limakhala ndi tithovu tozungulira m'kati, limafunda msanga m'manja, ndipo quartz amalikanda. Mwala wofiira si ruby nthawi zonse. Wambiri ndi garnet, amene mtengo wake ndi wotsika. Dziwaninso muyeso: miyala yamtengo wapatali amaiyeza m'makarati, ndipo galamu imodzi ndi makarati 5. Wogula akanena mtengo, mufunseni ngati akunena za galamu kapena za karati.

Kuyesa konseku kuchitike pangodya yobisika ya mwala, osati pankhope yake, ndipo kumangothandiza kuchotsa chinyengo choonekeratu. Mawu omaliza ndi a akatswiri a ku dipatimenti ya boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba. Safunsa anadya phula.

Osonkhanitsa miyala amafuna chiyani?

Malonda a miyala yokongola ali pawiri. Ena amafuna kristalo monga momwe linamerera. Kwa iwo chofunika ndi nsonga yosathyoka, nkhope zonyezimira, ndi kuti kristalo likhalebe pa thanthwe limene linamerapo. Aegirine woimirira pa feldspar woyera amagulidwa bwino kuposa yemweyo atazulidwa. Kuthyola nsonga kapena kukhula ndi waya kumagwetsa mtengo. Kupaka mafuta kapena polishi kuti awale, ndi kumata ndi guluu pothyoka osanena, ogula odziwa amazindikira ndipo sabweranso. Tsukani ndi madzi, sopo ndi mswachi wakutha basi. Kulungani uliwonse paokha m'nyuzi kapena m'kansalu, chifukwa wolimba amakanda wofewa ngakhale m'thumba. Lembani papepala phiri limene unachokera ndi chaka. Kwa osonkhanitsa, mwala wosadziwika kwawo umatsika mtengo.

Ena amafuna miyala yosalazidwa yopangira mikanda, ndolo ndi mphete. Imeneyi amaiika m'chigubu chozungulira muli madzi ndi mchenga wapadera wolimba kuposa quartz, n'kumasintha mchengawo kuchoka pa wokhakhala kufika pa wosalala, kwa milungu ingapo. Ndi ntchito yomwe mtsinje umachita pa nsangalabwi kwa zaka zambiri. Miyala yolimba kuyambira pa 7 ndiyo imasunga kuwala kwake. Yofewa imachita mbuu msanga, chifukwa fumbi la tsiku ndi tsiku lili ndi quartz amene amaikanda. Zindikirani kuti amisiri odziwa ntchito yawo amadula ndi kusalaza miyala ili m'madzi. Chifukwa chake chimakhudza moyo.

Fumbi losaoneka

Quartz amapezeka pafupifupi paliponse: mumchenga, m'miyala yambiri ya kwale, ndi m'mitsempha yoyera ya m'matanthwe imene okumba golide amasinja. Kristalo la quartz kuligwira m'manja kapena kuliika pawindo kulibe vuto. Ngozi imayamba mwalawo ukaswedwa, kusinjidwa, kudulidwa kapena kukhulidwa uli wouma.

Fumbi limene timaliona ndi maso limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, n'kutuluka ndi mamina ndi makhololo. Loopsa ndi lija losaoneka, lomwe kambewu kake n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi koposa ka 10. Limakhala m'mwamba kwa maola ntchito itatha, ndipo limafika m'timatumba ta mpweya ta pansi penipeni pa mapapo. Kumeneko asilikali a m'thupi amalimeza kuti alichotse. Koma kulimba komwe kumapangitsa quartz kukanda galasi kumapangitsanso kuti asasungunuke m'thupi. Msilikali amafa, fumbi limatsala, wina amabwera kudzalimeza, nayenso amafa. Pamalopo pamachita chipsera. Zipsera zikachuluka mapapo amauma, osatambasukanso bwino. Matendawa amatchedwa silicosis.

Kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena kuposerapo, koma pamene fumbi ndi lochuluka kwambiri amafulumira. Munthu amayamba ndi befu pokwera chitunda kapena posenza ndowa, kenako chifuwa chosatha, kutopa ndi kuwonda. Zipserazo palibe mankhwala ozichotsa, ndipo zimatha kupitirira ngakhale munthu atasiya ntchito. Komanso asilikali amene fumbi likuwapha ndi omwewo amalimbana ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha TB. Munthu wa silicosis amadwala TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa anzake, ndipo akakhala ndi HIV chiopsezo chimakwera kwambiri.

Matendawa si achilendo kwa ife. Madera athu ano anatumiza abambo ambiri ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo ena anabwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga. M'chaka cha 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza pangano loti makampani a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni za Rand zolipira odwala silicosis ndi TB, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo likuyendetsa chipukuta misozi chimenechi, kuphatikizapo kwa ochokera ku Malawi. Fumbi limene linawononga abambo aja pansi pa nthaka ndi lomwelo limene mayi amapuma ali chikhalire pamulu wa kwale, mwana ali kumbuyo.

Chodzitetezera chachikulu ndi madzi. Nyowetsani miyala musanaswe ndipo muziwazanso pamene ikuuma. Khalani moti mphepo izichokera kumsana kwanu. Swerani kutali ndi khitchini, pogona ndi poanika ufa, ndipo osasinja kapena kusalaza miyala m'nyumba. Posesa pamalopo yambani mwawaza madzi. Khanda lisakhale kumbuyo kapena pamphasa pafupi. Gwirizanani kuti mmodzi azitsala ndi ana pamthunzi wakutali mosinthana. Zovala za kuntchito muzivula ndi kusamba musanayamwitse kapena kuphika, ndipo muzichape, osazikutumula. Chitenje chomanga kukamwa chimangogwira fumbi lalikulu. Chimene chimathandiza ndi masiki ya N95 yogwira bwino pamphuno ndi m'masaya, ndiponso iyo salowa m'malo mwa madzi. Magalasi oteteza maso ndi ofunika, pakuti kachidutswa ka quartz ndi kakuthwa ngati lumo.

Chifuwa chikafika milungu iwiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuwonda, pitani kuchipatala mukayezetse makhololo. Amene ali ndi HIV asadikire milungu iwiriyo. Mukafika musaiwale kunena ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwaigwira, chifukwa silicosis ndi TB zimafanana pa chithunzi cha pachifuwa, ndipo mawu anuwo amatithandiza ife achipatala kusiyanitsa. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo TB imachizika.

Kumene anthu akusaka golide kuli ngozi inanso. Ena amagwiritsa ntchito mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira, pogwira golide, kenako n'kuotcha kuti mekyuleyo achoke. Utsi wake ulibe fungo, koma umadutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa n'kuwononga ubongo wake. Kuotchaku kusachitike pa mafuwa ophikira, m'nyumba, kapena pafupi ndi mayi woyembekezera ndi ana. Maenje osiyidwa osakwirira amagumuka nthawi ya dzinja, amamiza ana ndi kuswetsa udzudzu.

Mwala si mankhwala

Palibe umboni wa zachipatala woti kuvala kapena kugona ndi mwala wina uliwonse kumatsitsa BP, kumachiza shuga, kumapereka mimba kapena kumafewetsa uchembere. Kuvala mkanda wa amethyst chifukwa ndi wokongola palibe choipa. Choipa ndi kusiya mankhwala kapena kuchedwa kupita kuchipatala podalira mwala. Kuviika miyala m'madzi akumwa n'koopsa, chifukwa miyala ina yokongola ili ndi mtovu kapena poizoni wa arsenic. Timiyala tosalazidwa tisakhale pofikira ana aang'ono, amatha kumeza n'kutsamwa.

Ambiri a ife tinakula tikumva za mwala wakuda woika pa bala la njoka. Umenewo kwenikweni ndi fupa lootchedwa. Umamatirira pabala chifukwa umayamwa chinyezi, koma ululu wa njoka umakhala utalowa kale m'kati, ndipo mwalawo suutulutsa. Wolumidwa ndi njoka asayende yekha ngati pali omunyamula, mwendo kapena mkono ukhale wosagwedezeka, osatema, osamanga mothina, ndipo afike kuchipatala msanga.

Kusikelo timakumana ndi amayi oyembekezera ambiri amene amalakalaka dothi la pachulu, la pakhoma, kapena timiyala tofewa togulitsidwa pamsika. Palibe chochititsa manyazi, koma chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Dothi silionjezera magazi. Limagwira chitsulo cha m'zakudya ndi cha m'mapiritsi kuti chisalowe m'thupi, limabweretsa njoka za m'mimba, limadzimbitsa, ndipo lina lili ndi mtovu. Mayi wochepa magazi akataya magazi pobereka, ngakhale amene wina akanapirira nawo, moyo wake umakhala pachiswe. Mwana wanu wamkazi kapena mpongozi akayamba kudya dothi, musamukalipire. Mperekezeni kusikelo akayezedwe magazi, azimwa mapiritsi oonjezera magazi tsiku lililonse, alandire mankhwala a njoka ndi oteteza malungo, ndipo pakhomo pasasowe bonongwe, chisoso, nyemba, usipa kapena matemba, ndi chipatso ngati malambe kapena gwafa chothandiza chitsulo kulowa m'thupi.

Malamulo ndi mphamvu ya gulu

Malinga ndi lamulo la migodi ndi miyala la chaka cha 2023, miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ngakhale itapezeka m'munda mwanu. Kukumba, kugula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali kumafuna chiphaso cha boma, ndipo mbali yaikulu ya mapiri a Malosa ndi Chikala ndi nkhalango zotetezedwa, kumene munthu sangangolowa ndi pikisi. Wogulitsa mobisa alibe kodandaula akaberedwa, ndipo ndiye amene mavenda amamukonda. Kuyambira m'chaka cha 2021 Banki Yaikulu ya dziko lino yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, ndipo pali bungwe la amayi a ntchito za migodi la Malawi Women in Mining Association. Ofesi ya DC ingakuuzeni poyambira.

Zambiri mwa zimene tatchulazi n'zovuta kwa mayi mmodzi koma n'zotheka pagulu. Ndalama ya banki m'khonde ikhoza kugula mgolo wa madzi wa pamalo oswera miyala, bokosi la masiki ndi magalasi, ndi kasikelo koyezera magalamu. Gulu likhoza kutuma anthu awiri ku Zomba ndi zitsanzo za miyala ya onse, mmalo moti aliyense azigulitsa mwa chimbulimbuli. Pamsonkhano wanu wotsatira, lembani maina a amayi ndi abambo a m'mphakati mwanu amene aswa miyala, kukumba kapena kugwira ntchito m'migodi kwa zaka zingapo, ndipo mukambirane ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za tsiku loti onsewo akayezetse chifuwa.